Pomwe Piyano Inkadikira

Kusitudiyo ankamutcha Khutu, chifukwa wina akalakwitsa kachingwe kamodzi ka gitala pakati pa oimba khumi ndi awiri, iye ankaloza wolakwayo asanatembenuke n'komwe. Dzinali ankalinyadira, mwinanso mopitirira muyeso. Koma khutu lakuthwalo silinamuthandize kanthu pa nkhani ya Mzime, mtsikana amene anakhala naye pachibwenzi zaka ziwiri zathunthu bambo ake osanena kuti eya, osanenanso kuti ayi.

Bambo a Mzime anali munthu wa piyano. Pa unyamata wawo ankatsogolera bandi ya masuti oyera, yoimba rumba, mambo, chachacha ndi bolero, nyimbo za kutsidya kwa nyanja zimene ankaziimba m'Chisipanishi chongoloweza, osadziwa kuti mawuwo akuti chiyani. Anthu ankavina mpaka nsapato kutha zidendene. Tsopano anzawo onse a m'bandimo anali atapita, kwatsala iwo okha ndi mbale zakuda zitatu za nyimbo zawo m'kabati, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Mdala.

Chaka chimenecho achinyamata a kusitudiyo anaganiza zojambulanso nyimbo khumi za bandi ija ndi zida zamakono, chimbale chokumbukira akale. Khutu ndiye anali pa makina ojambulira. Mdala anavomera kuimba piyano m'nyimbo imodzi yokha, bolero yoyenda pang'onopang'ono yotsekera chimbalecho. Tsiku limene anavomera, anauza Khutu pamaso pa mwana wawo:

"Ndikadzamva ntchito ya manja ako, ndidzakuuza tsiku loti abale ako abwere tidzakambe za ukwati. Munthu timamudziwira pa ntchito yake."

Kuyambira tsiku limenelo, bolero ija inasiya kukhala nyimbo chabe kwa Khutu. Ukwati wake wonse unali m'menemo.

* * *

Loweruka lokamvetsera linafika. Khutu anasita shati kawiri, ananyamula kompyuta ndi masipika awiri, n'kukafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza pabalaza padzaza kale. Azakhali a Mzime anali pasofa atapinda manja ngati woweruza milandu. Pampando wabwino wa pafupi ndi windo panali Walipenga, mnyamata wamtali amene Mdala anamuphunzitsa okha nyimbo kuyambira ali mwana, ndipo m'nyumbamo ankalowa osagogoda. Azakhali sankabisa kuti mkamwini wa kumtima kwawo ndi ameneyu. Khutu anapatsidwa kampando ka pulasitiki.

"A injiniya afika," anatero Walipenga osadzuka. "Lero timva zodabwitsa."

Mzime anatulukira ndi thireyi ya makapu. Podutsa anakhudza phewa la Khutu ndi chigongono mwakabisira, ndipo mtima wa mnyamatayo unakhala m'malo. Nyimboyo anali ataigwira masiku anayi, kuipukuta mpaka kuwala. Ankadziwa kuti mulibe kachilema ngakhale kamodzi.

Anayatsa. Maseche anayamba, ng'oma zikutsatira, kenako besi, kenako lipenga lolira mofatsa ngati likupepesa. Piyano italowa, Mdala anatsinzina, chala chikugunda pabondo. Azakhali, amene anabwera atakonzeka kudana nayo nyimboyo, anapezeka akugwedeza phazi. Nyimbo itayandikira pakati, Mdala anakweza dzanja lamanja pang'ono, ngati munthu woimitsa galimoto kuti wina awoloke msewu. Koma nyimbo sinaime. Inangodutsa, yosalala, yowongoka, dzanja lija n'kutsala m'malere.

"Tabwezera pakati apo."

Khutu anabwezera. Mdala anamvetsera maso ali pansi.

"Wakhudza ndani pamenepa?"

Apa munthu wanzeru akanayamba wayang'ana nkhope ya Mzime, imene inali itasintha kale. Khutu sanayang'ane. Iye anaona ngati nthawi yoyamikiridwa yakwana.

"Ndine, bambo. Pamenepo piyano inatsalira pang'ono m'mbuyo, ndiye ndinaidula pakompyuta n'kuisendeza kuti iyendere limodzi ndi zinzake. Palibe amene angadziwe kuti panali vuto."

"Vuto," anatero Mdala.

"Laling'ono chabe, bambo. Zimachitika munthu aka..." Mawu otsalawo anawameza, koma aliyense pabalazapo anawamva.

Mdala anadzuka pang'onopang'ono atagwira mutu wa mpando. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikumudikira pamenepo," anatero. "Iwe wamuchotsa masana amodzi."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Azakhali anaomba m'manja kamodzi, n'kunena moyang'ana kudenga kuti safunsa anadya phula. Walipenga anamwa tiyi wake mpaka kumaliza.

* * *

Mzime anamuperekeza mpaka pageti, osati chifukwa cha chikondi koma chifukwa getilo linkafunika wotseka.

"Tandiuza," anatero Khutu, masipika ali m'khwapa. "Ndachotsa ndani?"

"Mayi anga."

Khutu anaika masipika pansi.

"Mayi anali ndi mwendo umodzi waufupi," anatero Mzime, akuyang'ana loko wa geti. "Anadwala ali mwana. Kuholo ankapita ndithu, chifukwa ankakonda gule kuposa chakudya, koma anyamata ankawalambalala. Amene wayesa kuvina nawo ankawakoka potembenuka, iwo n'kupunthwa, anthu n'kuseka. Bambo ankaziona zonsezo ali papiyano. Tsiku lina, bolero imeneyi itafika potembenukira, anakweza dzanja, bandi yonse inadikira mpaka mayi atatembenuka bwinobwino. Ndi mmene anawafunsira. Sananene mawu aliwonse, anangowadikira."

"Ine sindinkadziwa."

"Ngakhale pa mbale yakale ija, mayi alimo. Tsiku lojambula anali momwemo, akuvina ndi achimwene awo pakati pa mawaya. Ukamvetsera bwino umamva nsapato yawo ikukhula pansi."

Khutu anakumbukira. Mbale yakaleyo anaimvetsera kambirimbiri pokonzekera ntchitoyi. Kuzengereza kwa pakatipo anakumva, kukhula kwa nsapato anakumvanso. Anauza anzake molimba mtima kuti mbaleyo inapindika ndi dzuwa ndipo singano inaikanda.

"Bwanji sunandiuze?"

"Bwanji sunafunse?" Mzime anamuyang'ana tsopano, maso atafiira. "Mayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhope yawo ndimaiona pachithunzi, mawu awo ndinawaiwala. Chimene ndili nacho chamoyo ndi pamenepo basi. Ndimati ukadzapamva udzandifunsa wekha, iwe amene umamva zonse."

"Ndikonza. Ndibwezeretsa momwe zinalili."

"Kukonzako ndiye kwatifikitsa pano," anatero Mzime, n'kutseka geti.

* * *

Masiku ano nyimbo saijambula monga kale. Aliyense amalowa yekha m'kachipinda kotsekedwa, amavala mahedifoni, ndipo m'makutu mwake mumagogoda kawotchi kosatopa, ti, ti, ti, kuti asathamange kapena kutsalira. Wa ng'oma amabwera Lolemba, wa besi Lachitatu, ndipo wa pamakina ndiye amawalumikiza ngati telala. Tsiku limene Mdala anabwera kudzaimba mbali yawo, Khutu anawaona atafika pakati akuvula hedifoni ya khutu limodzi, maso ali pansi pa chipinda chachikulu chopanda munthu. Anaganiza kuti kawotchi kaja kawasokoneza.

Ankakumbukiranso amene anaima kumbuyo kwake madzulo a tsikulo, atagwira chikho cha madzi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Wamva pamenepo? Manja a Mdala atopa. Anthu akadzamva zimenezi adzawaseka."

Lolemba m'mawa anamupeza munthuyo m'khonde la situdiyo akupukuta lipenga lake.

"Unkadziwa," anatero Khutu.

"Kudziwa chiyani, aise?"

"Za mayi ake a Mzime. Za pomwe piyano imadikira."

Walipenga anauzira mpweya pa mkuwa n'kupukutanso ndi kansalu. "Bolero imeneyo ndinaiphunzira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mdala anandimenya ndi pensulo pachala chifukwa chothamangira pamenepo. Ndingalephere kudziwa?"

"Nanga bwanji unandiuza kuti manja awo atopa?"

"Ndinakufunsa ngati wamva. Kompyuta inali m'manja mwako, osati mwanga."

Khutu anakunga chibakera, koma anachisiya m'thumba. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti pa za kompyutazo mnzakeyo sankanama.

"Tamvera," anatero Walipenga, kumwetulira kutatha. "Ine ndinakula naye Mzime. Pamaliro a mayi ake ndinalipo, ndinamugwira dzanja pobwerera. Ndamudikira kuyambira tisanadziwe kuti kudikira n'chiyani. Iwe wabwera dzulodzuloli ndi mawaya ako, ndiye umati ndizingokuwombera m'manja?"

"Iye anasankha ine."

"Anasankha munthu amene ankaganiza kuti amamva," anatero Walipenga, n'kutsekera lipenga m'bokosi.

* * *

Piyano yoyambirira ija inali ikadali m'kompyuta. Khutu anaibwezeretsa m'malo mwake, anakoka ng'oma ndi besi kuti zidikire nawo, ndipo pofika masana nyimbo inali monga Mdala anaiimbira. Analembera Mzime uthenga.

*Ndabwezeretsa. Ndibwere ndidzawamvetse?*

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, koma yankho silinabwere. Analembanso madzulo.

*Ndinachita pofuna kuwateteza. Ukudziwa mtima wanga.*

Lachiwiri analemba uthenga wautali wa mizere khumi ndi isanu, anauwerenga, anaona kuti mizere khumi ndi iwiri ndi yodzilungamitsa, n'kuufufuta. Foni inakhala chete ngati nayonso yamukwiyira. Ankaitembenuza chafufumimba kuti asaione, kenako n'kuitembenuzanso pasanathe mphindi. Lachitatu dzuwa likupendeka, inalira.

*Bwera mawa masana. Azakhali kulibe. Koma usayembekezere zambiri.*

Khutu anawerenga uthengawo kasanu. Pa mawu onsewo, iye anasunga oti bwera, enawo anawanyalanyaza, monga amachitira anthu onse amene ali m'chikondi.

* * *

Anapeza Mdala m'kachipinda ka kuseri, mmene munali piyano yakale yokutidwa ndi nsalu ya patebulo. Nsaluyo inali itachotsedwa, ndipo mwini wake ankapukuta makiyi limodzilimodzi ndi mpango. Khutu anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Ndabwera kudzapepesa, bambo. Ndabwezeretsa zonse momwe munaimbira. Mukalola, ndikuyatsireni."

"Usavutike kutsegula chikwamacho."

"Ndi mphindi zinayi zokha."

"Khala pansi, mnyamata iwe."

Khutu anakhala pa bokosi la mabuku a nyimbo. Mdala anapitiriza kupukuta.

"Ukuganiza kuti ndakwiyira kompyuta yako? Iyo yachita zomwe unaiuza. Ine nkhawa yanga ili pa iwe. Unamva munthu wachikulire akutsalira, ndipo chimene chinakubwerera m'mutu ndi kumubisa. Sunabwere kudzafunsa kuti, bambo, apa mukudikira chiyani."

"Ndinkaopa kuti anthu adzakusekani."

"Ndikudziwa. Unachita ndi mtima wabwino, ndipo n'chimene chikundiopsa. Woipa mtima umamuona akubwera." Mdala anapinda mpango uja kanayi. "Mwana wanga nayenso tsiku lina adzatsalira. Adzadwala, adzakalamba, adzalira popanda chifukwa chimene iwe ukuchiona. Pamenepo udzamudikira, kapena udzamukonza?"

Khutu anatsegula pakamwa, koma yankho lililonse limene linabwera linkamveka ngati la mwana wa sukulu wogwidwa akuonera. Anangoti, "Ndipatseni mpata wina, bambo."

"Nyimboyo tijambulanso Loweruka, koma mwakale. Tonse m'chipinda chimodzi, popanda kawotchi kako kaja m'makutu, ndipo pakati pazikhala anthu awiri ovina. Nyimbo yovinira suiimbira khoma. Tsiku lija ndinkadikira munthu m'chipinda chopanda munthu, n'chifukwa chake ngakhale zimene wabwezeretsazo sindizifuna. Mzime adzavina m'malo mwa mayi ake."

"Adzavina ndi ndani?"

"Ndi munthu wodziwa podikira. Lipenga adzaimba wina tsiku limenelo."

"Bambo, ine ndikhoza kuphunzira. Kwatsala masiku awiri."

Mdala anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba, ndipo m'masomo munalibe ukali, munali chisoni chokha.

"Iwe udzakhala kuseri kwa galasi. Ntchito yako ili kumeneko, ndipo umaidziwa, zimenezo sindikukana." Anatseka chivundikiro cha piyano. "Za abale ako aja, auze asavutike kaye kusita zovala."

* * *

Mzime anamudikira pasiteji ya basi, kuseri kwa chikwangwani, poopa maso a anthu oyandikana nawo. Anali ataonda m'masiku asanu okha, kapena mwina Khutu ndiye ankamuona choncho.

"Wamva zimene anena?" anafunsa Khutu.

"Makoma a kwathu ndi opyapyala."

"Ndiye uvina naye?"

"Ndivinira bambo anga."

"Koma m'chiuno adzakugwira ndi iyeyo. Ukudziwa kuti ndi amene anandikankhira m'dzenjemu? Anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti manja a bambo atopa."

"Anandiuza yekha," anatero Mzime. "Anabwera Lachiwiri, anaulula zonse pamaso pa bambo, analira. Akuti nsanje inamugwira."

Khutu anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Mnzake uja anali atamutsogolera ngakhale pa kupepesa.

"Ndiye amukhululukira?"

"Bambo akuti iye analakwa akudziwa, ndipo wolakwa akudziwa amadziwanso pobwerera. Azakhali ndiye sakundipatsa mpata wopuma. M'mawa ndi iyeyo, masana ndi iyeyo, ngakhale ndikutsuka mbale akundiwerengera ubwino wake. Ndatopa. Ndatopa kukhala pakati ngati chingwe chokokana."

Basi inafika, inatsitsa anthu awiri, inadikira pang'ono, n'kupita. Khutu anagwira dzanja la Mzime, ndipo iye sanalichotse.

"Tiye tikalembetse ukwati tokha. Ndife akuluakulu. Mkwiyo wa kholo sukhalitsa, akadzaona mdzukulu adzaiwala."

"Bambo atsala ndi ine ndekha. Abale anga onse ali kutali, amangoimba foni pa Khirisimasi. Ukufuna nanenso ndiwadutse ngati nyimbo yako ija?"

Mawuwo anamubaya, ndipo Mzime anaona kuti amubaya. Anafinya dzanja lake pang'ono ngati akupepesa.

"Ukundikondabe?" anafunsa Khutu.

"Funso limenelo ndi losavuta," anatero Mzime. "Likanakhala lokhalo, bwenzi tili pabwino."

Anachotsa dzanja lake n'kuwoloka msewu. Khutu anamuyang'ana mpaka anakhota pakona, akuyembekezera kuti acheuka, koma sanacheuke.

* * *

Loweruka m'mawa Khutu anafika woyamba. Anasuntha mipando m'chipinda chachikulu, anayala mawaya m'mbali mwa khoma kuti ovina asapunthwe, anaika maiki pa ng'oma, pa besi, pa piyano. Mdala atafika, atavala suti yoyera imene inali itayamba chikasu m'makolala, analoza pakati pa chipinda.

"Ikanso imodzi apa, yotsika. Ndikufuna nsapato zimveke."

Khutu anaika maiki yake yabwino koposa zonse, yotola ngakhale kupuma kwa munthu. Ankafuna kuti tsiku limeneli pasapezeke chomunenera.

Mzime anabwera ndi azakhali ake. Anavala diresi lobiriwira lakale, ndipo m'manja ananyamula kabokosi. Atakhala pampando n'kutsegula, Khutu anaona kudzera pagalasi nsapato ziwiri zakuda za malamba. Ya kumanzere inali ndi chidendene chokhuthala kuposa inzake, monga anaikonzera wosoka nsapato zaka zambiri zapitazo kuti ikwanire mwendo waufupi. Mzime atazivala n'kuimirira, anapendekera mbali imodzi. Anayesa kuyenda, ndipo ankatsimphina. Mdala anatembenukira kukhoma n'kumakonza tayi imene inali yokonzeka kale.

Walipenga anatambasula dzanja. Anali atameta bwino, shati yake yoyera ngati ya mkwati.

Khutu anavala mahedifoni, anatseka chitseko cha kachipinda kake, anayatsa getsi lofiira. Mawu ake anatuluka m'sipika ali owuma.

"Tikujambula."

Maseche anayamba. Popanda kawotchi kaja, nyimbo inkapuma ngati munthu. Wa ng'oma ankayang'ana mapazi a ovina, wa besi ankayang'ana wa ng'oma, ndipo onse ankayang'ana phewa la Mdala. Mzime ankavina movutikira poyamba, nsapato yokhuthala ija ikumukana, kenako anaizolowera. M'mahedifoni Khutu ankamva chilichonse: phazi lopepuka, phazi lolemera, diresi likukhudza thalauza.

Pakati panayandikira. Mdala anakweza dzanja lamanja, ndipo bandi yonse inagwira mpweya. Walipenga anaima nji, dzanja lili m'chiuno mwa Mzime, osamukoka, osamukankha. Mzime anayamba kutembenuka pang'onopang'ono, nsapato ya kumanzere ikukhula pansi. Apa ndi pomwe Khutu anamva koyamba chimene anachotsa. Panalibe malo ena okoma m'chimbale chonse oposa kachete kameneka, ndipo iye, Khutu wotchuka uja, anakatcha vuto. Manyazi anamugwira mpaka m'zala.

M'kachete momwemo, maiki yabwino ija inatola mawu amene sanali a nyimbo. Anali mawu a Walipenga, onong'ona, otsika kwambiri moti wa besi, amene anali chapafupi, sanatembenuke n'komwe.

"Bambo avomera kuti ndikukwatire. Watsala iwe."

Nsapato inapitiriza kukhula. Khutu anamva Mzime akukoka mpweya, ndipo anadzipeza akupemphera, iye amene anali ataiwala njira ya kutchalitchi. Liwu limodzi lokha, loti ayi, likanakwanira.

"Ndipatse sabata imodzi," ananong'ona Mzime.

Dzanja la Mdala linatsika, piyano inagwa pamalo pake penipeni, ndipo nyimbo inapitirira mpaka kumapeto. Khutu sanamve mbali yotsalayo. Anadzidzimuka ataona oimba akukumbatirana ndipo azakhali akupukuta maso ndi ngodya ya mpango. Anazimitsa getsi lofiira.

Pakompyuta, mawu aja ankaoneka ngati timapiri tiwiri tating'ono pakati pa chigwa. Kuwachotsa inali ntchito ya zala ziwiri, yosatha mphindi, ndipo palibe akanadziwa. Dzanja lake linali litayamba kale kusendera komweko pamene chitseko chinatseguka.

Mdala analowa akupuma mwabefu, maso ali onyowa. Anaika dzanja paphewa la Khutu, chinthu chimene sanachitepo m'zaka ziwiri zonse zija.

"Wajambula bwino, mwana wanga. Lero mkazi wanga anabwera, ndinamuona. Imeneyi usaikhudze. Ngakhale kampweya kamodzi usachotse."

"Mukufuna kuyamba mwamva zonse zimene zalowamo, bambo?"

"Makutu anga anatha kalekale, zing'onozing'ono sindimva. Wamva ndiwe, ndipo ndakukhulupirira. Ituluke momwemo."

Anamusisita paphewa n'kutuluka. Kuseri kwa galasi, Mzime anali atakhala pampando akumasula lamba wa nsapato ya kumanzere, Walipenga atagwada pambali pake atagwira kabokosi. Mzime anakweza maso, anaona maiki yotsika ija ili pafupi ndi phazi lake, kenako anayang'ana mahedifoni amene anali akadali m'makutu mwa Khutu. Dzanja lake linaima pa lamba.

Khutu anachotsa zala zake pa timapiri tija, n'kusunga nyimboyo momwe inalili.